Mng'alu Umene Ndinazira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene nthaka inagwedezeka pafamu imene ndinabadwira, kufupi ndi Shamva. Linali Lolemba masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkatsuka mbale kuseri kwa nyumba yathu ya pakomboni pamene ndinamva mkokomo ngati wa lole yodzaza fodya, koma msewu unali zii. Mbale zinalira zokha pathandala, madzi a m'beseni anavina, nkhuku zinabalalika. Amayi anatuluka m'nyumba nsalu ili kumanja, akuitana dzina la Yesu. Tisanadziwe kothawira, zonse zinali zitatha. Akuluakulu ena anati ndi chivomerezi, ena anati ndi migodi yakale ikugumuka pansi pathu, kenako aliyense anabwerera ku zimene amachita.

Ife tinali anthu opanda kwathu. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza wapansi ali mnyamata, anakalambira m'fodya wa mzungu, tinawaika kuseri kwa mabani owumitsira fodya. Ababa anabadwira konkuno, ndipo Malawi ankangomudziwa m'nyimbo za kutchalitchi. Famu itagawidwa, mzungu n'kupita, anzathu a Chishona anamanga katundu wawo ulendo wa kumusha, kumidzi kwawo. Ife tinatsala pakomboni, maso ali pa munthu amene analandira gawo lomwe panali nyumba zathuzo. Ankagwira ntchito ku Harare, kufamu ankabwera Loweruka, mkazi wake ndiye ankakhala pamalopo. Ndisamunamizire, sanali munthu wankhanza. Koma anali ndi abale ake ofuna pogona, ndipo nyumba za njerwa pamalo ponsepo zinali zomwe tinkakhalamo ifezo.

Chimene chinatisunga ndi manja a ababa. Ali mnyamata anagwirapo ntchito mumgodi wa golide, ndiye ankaidziwa nthaka kuyambira pamwamba mpaka pathanthwe. Pampu ya pafamu inali itazulidwa kalekale, anthu ankamwa madzi a m'damu limodzi ndi ng'ombe. Mwini maloyo anati ababa amukumbire chitsime, ife tizikhalabe m'nyumba. Chitsime choyamba anakumba miyezi iwiri, chinatuluka chouma ngati m'ng'anjo. Loweruka limene anayamba chachiwiri ndinalipo, ndikusesa pabwalo.

"Achimwene," anatero mwini malo, poti Amalawi tonse ankatitchula choncho, "mugodhi uyu ndiye womaliza. Ukapanda kutuluka madzi mvula isanagwe, ndiitana a makina obowola. Ndipo nyumba ija ndidzaifuna."

Ababa anavula chipewa n'kuyankha kuti amva. Ine tsache linandilemera m'manja. Madzulo ake ndinafunsa amayi kuti akatichotsa tidzalowera kuti. Anandikalipira kuti mwana safunsa za akulu, koma ndinawaona akupukuta maso ndi nsonga ya duku. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona ndi chitsimecho m'mutu.

Ababa ankakumba ndi piki yaifupi ndi fosholo yodula mpini. Pamwamba pankakhala malume Jailosi, mchimwene wa amayi, akupukusa chitsulo chokokera chingwe cha ndowa. Dothi lotuluka m'dzenjemo linkasinthasintha, ine n'kumadabwa. Linayamba lakuda lonunkhira manyowa, kenako katondo wofiira, kenako mchenga wosakanizika ndi nsangalabwi, kenako dongo lotuwa lomata ngati sopo. Pofika sabata ya chivomereziyo anali atafika pamwala wofumbutuka, ndipo mwalawo unali wonyowa. Akanati anthu asanu ndi mmodzi aimirirane pamapewa, wapamwambayo ndiye akanasuzumira kunja. M'mbali anali asanamangire njerwa, poti dongo limaima lokha, ndipo njerwa ankadikira kuti madzi aoneke kaye.

Nthaka itagwedezeka, ababa sanachite chibwana. Anazungulira pakamwa pa chitsime katatu, chogwada, akupapasa pansi ndi zikhato. Analowa ndi nyali, anagogoda m'mbali monse ndi mpini wa piki, khutu lili pakhoma. Anatuluka akumwetulira. "Alamu, palibe chang'ambika. Masiku anayi okha, timwa madzi athu."

Ntchito yanga inali kwa mkazi wa mwini malo. Ine ndi amayi tinkagwira maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku, ndipo ine gawo langa linali kusesa ndi kuzira khonde la khitchini yawo ya udzu. Pa kuzira ndinalibe mnzanga pakomboni ponse. Ndinkadziwa kokatapa dothi lakuda, kusefa timiyala, kupaka ndi chikhato, kenako kukhutiza ndi mwala wosalala mpaka pansi pachite kung'anima. Azimayi ankatuma ana awo kudzaonera, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Khondelo linali masitepe makumi awiri kuchokera pachitsime, cha kum'mawa.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza mng'alu pakhondepo. Ming'alu ya dzuwa ndinkaidziwa bwino. Imayenda mbali zonse ngati msana wa fulu, ndipo ukaikanda ndi chala imathera pomwepo. Uwu unali umodzi, wowongoka, unadula khonde pakati n'kupitirira pabwalo mpaka kukasowa mu udzu. Unali wopyapyala ngati ulusi. Koma nditayendetsa chala, ndinamva kuti mbali ya kuchitsime yatsika pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Ndinazula udzu wautali n'kuulowetsa. Unalowa wonse osagunda pansi.

Ndinakhala pansi. Sindinganene kuti sindinadziwe kuti ndi chinthu choipa, ndinadziwa. Koma mutu wa mwana wamantha umawerenga zake. Ndinati mkazi wa mwini malo akauona auza mwamuna wake Loweruka, mwamunayo ati malo ano ndi owola, aletsa chitsime, aitana a makina, ife tigona kumsewu. Ndinatinso ababa ayang'ana kale pachitsime, ndipo iwo ndiwo odziwa. Mng'alu uli kuno, chitsime chili uko, zikukhudzana pati? Masiku anayi okha. Ndinatapa dothi, ndinalikanya, ndinatseka mng'aluwo, ndinakhutiza mpaka pakhonde panawala. Wa pabwalo ndinauwaza mchenga n'kusesa bwinobwino. Mayiyo atatuluka anandiyamikira kuti lero ndiye ndazira ngati simenti.

Lachitatu mng'alu unabwereranso pamalo omwewo, tsopano wokwana kulowetsa ndalama yachitsulo chambali. Ndinautsekanso. Madzulo tikudya, ababa anandiyang'ana n'kufunsa, "Esinati, bwanji sukudya? M'mimba?" Mawu anafika pakhosi. Ndiye malume analowa ndi chitini, m'menemo muli madzi amatope okwana kapu imodzi, oyamba kutuluka m'chitsime. Amayi analulutira, anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ang'ono anga akuvina pakhomo. Ndani akanatsegula pakamwa pamenepo? Ine ndinameza mawu anga, ndinati mutu ukundiwawa.

Lachinayi chala changa chaching'ono chinalowa. Dothi limene ndinkathiramo linkangopita, mng'alu osakhuta. Ndinatsekera ndi zigamba za thumba, pamwamba n'kumata. Ndinkagwira ntchitoyo misozi ikudonthera m'dothi, ndikupempha Mulungu kuti agwire nthakayo tsiku limodzi lokha, mawa ndidzanena. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chathu chinaimba masiku atatu, ine ndikuitseka pakamwa.

Ndinali ndisanasambe m'manja pamene ndinamva phokoso. Silinali lalikulu ayi, linali ngati thumba la chimanga lagwa pangolo. Fumbi linatuluka pakamwa pa chitsime, ndipo malume anakuwa mawu amene sindinawamveponso kwa munthu wamwamuna.

"Maiwe! Batsirai! Thandizani! Alamu akwiririka!"

Komboni yonse inakhuthukira pamenepo, ndi anthu a m'minda yoyandikana nawo, Achewa ndi Ashona osasankhana. Amayi anafika akuthamanga, anafuna kudziponya m'dzenjemo, azimayi awiri anawagwira m'chiuno. Fumbi litachepa tinaona kuti khoma la kum'mawa, pomwe panali dongo, lasereruka lonse n'kugwera pansi. Ababa ankaoneka mutu, phewa ndi mkono umodzi. Anali moyo. Ankapuma ngati munthu wosenza chinthu cholemera, mpweya uliwonse pawokha.

Malume anadzimanga chingwe n'kutsika. Piki sakanaigwiritsa ntchito, akanatema munthu, ndiye ankafukula ndi manja ndi mbale yachitsulo. Ndowa inkakwera, amuna n'kumakhuthula pambali, ndowa n'kutsikanso. Mbali imene ankakhuthulirayo inali ya kum'mawa, poti ndiko kunali mthunzi wa mtengo, ndipo khamu lonse linaunjikana komweko. Nthawi iliyonse munthu akasuntha, timiyala tinkayoyokera pamutu pa ababa. Malume akachotsa ndowa imodzi, khoma linkabweza theka lake.

Kenako malume anafuula kuti tonse tikhale chete, alamu akufuna kulankhula. Mawu a ababa anakwera pang'onopang'ono, opanda mphamvu.

"Dongo silinagwe lokha. Pali chimene chalidula kumbuyo. Yang'anani pamwambapo, nthaka yang'ambika pati? Musaime pamenepo."

Anthu anayang'ana kumapazi awo. Anayang'ana pabwalo losesedwa bwino, pakhonde long'anima. Bambo wina anagwada, anazungulira dzenje lonse, anadzuka akupukusa mutu.

"Hapana, a Phiri! Kulibe mng'alu kuno!"

"Ulipo," anatero ababa. "Funani patali."

Ndinaima pakati pa anthuwo, matope ali m'zikhadabo. Ndinadziwa kuti ndikanena, komboni yonse idziwa kuti ndine ndakwirira bambo anga. Ndinadziwanso kuti anthu makumi atatu aima pa nthaka imene yaduka kale, pamwamba pa mutu wawo ndi wa malume. Chimene chinanditsegula pakamwa si kulimba mtima. Chibuma chachikulu ngati dzungu chinagumuka n'kumenya malume pamsana, ndipo ndinamva ababa akubuula.

"Uli pakhonde!" ndinakuwa. "Ndinauzira ndine! Uli pakhonde, wadutsa pabwalo ponse!"

Bambo amene anazungulira dzenje uja anathamanga ndi khasu, anapala pakhonde kamodzi kokha. Chigamba cha thumba chinatuluka, ndipo pansi pake panali phompho lolowa dzanja lonse. Anaulondola ndi khasu, ukuonekera pansi pa mchenga wanga, ukukhota ngati uta kuzungulira mtengo umene anthu anaimapo. Khamu lonse, ndi mulu wonse wa dothi, zinali m'kati mwa utawo. Anthu anathawa ngati aponda moto. Amayi sanathawe msanga. Anandiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakuonabe mpaka lero.

Atawauza ababa pamene mng'alu wadutsa, anayamba kulamula ali m'manda mwawomo. Anati mulu wa dothi uchotsedwe ndi anthu awiri okha opepuka, chokwawa. Anati chitsulo chokokera chisunthidwe chipite kumadzulo. Anati pafunike matabwa otchinga khoma la kum'mawa ndi mitengo yopingasa. Matabwa pafamu panalibe, onse anapita kale pamoto. Amayi anathamangira kukomboni, anazula chitseko cha nyumba yathu, anabwera atachisenza pamutu. Ena ataona, nawonso anakazula zawo. Zitseko zinayi zinatsika m'chitsimemo, malume n'kuzikhomerera ndi mitengo ya bulugama monga ababa ankawauzira.

Anawatulutsa dzuwa litapendeka. Panali patadutsa maola asanu ndi limodzi, malume zikhadabo zitazuka. Mwendo wamanzere wa ababa, kuyambira pabondo kutsika, unali utaphwanyika pansi pa mwala. Anawanyamula pangolo mpaka kumsewu, kumeneko galimoto ina inawatengera kuchipatala. Mwendowo sanaudule, koma sunawongokenso.

Palibe anandimenya. Ndikanakonda akanandimenya. Azimayi amene ankatuma ana awo kudzaonera kuzira kwanga tsopano ankatsitsa mawu ndikamadutsa, ndipo mmodzi ndinamumva akuti nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu. Amayi ankandipatsa chakudya, ankandiuza zochita, basi. Mwini malo analipira ngolo ndi mankhwala oyamba, anadikira kuti ababa atuluke m'chipatala, kenako anatiuza mwaulemu kuti nyumba ija akuifuna. A makina anali atabowola kale kutsidya kwa munda.

Tsiku losamuka, katundu ali pangolo, ababa anandiitana. "Esinati, tenga khasu. Undigwire mkono." Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pachitsime chakugwacho, iwo akutsimphina ndi ndodo. Ndinkaganiza kuti nthawi ya chilango yakwana, ndipo mumtima ndinali wokonzeka. Mvula yoyamba inali itagwa, mbali yonse ya kum'mawa inali itatitimira, nthaka inatseguka ngati buledi wodula. Anakhala pachitsa n'kundiuza kuti ndipale m'mbali mwa phompholo kuti mitundu ya dothi ioneke.

"Ukuona mzerewo?" anatero, akuloza ndi ndodo. "Unayambira pansi, pathanthwe. Pamenepo pali msoko wakale, chivomerezi chinangousuntha pang'ono, mwina chala chimodzi. Thanthwe likasuntha, dothi la pamwamba liyenera kutsatira, lifune lisafune. Koma mng'alu sukwera chowongoka ngati chingwe cha ndowa. Umakwera chopendekeka."

Ndinaona mzerewo. M'dongo lotuwa sunali mng'alu n'komwe, panali pongosalala, ponyezimira, ngati pamene padutsa mpeni.

"Dongo ndi lachinyengo," anapitiriza. "Limapindika, limameza mng'alu, silitsegula pakamwa. N'chifukwa chake ndinagogoda osamva kanthu, chonsecho linali litaduka kumbuyo. Ukafika pamchenga umagawikana timizere tambirimbiri. Pakatondo wouma ndiye umatseguka, n'kukatulukira kutali ndi kumene unayambira. Ine ndinaufuna pakamwa pa chitsime. Kulakwa kwanga n'kumeneko, munthu wa mumgodi ndinayenera kuyenda bwalo lonse. Nthaka inalankhula malo amodzi okha, pakhonde pako."

Pamenepo ndinagwetsa khasu. Ndinagwada m'matopemo, ndinalira kulira kumene ndinakusunga miyezi iwiri. Ndinawauza zonse, za udzu umene unalowa wonse, za zigamba, za madzulo a chitini chija. Ndinati ndinkaopa kuti atithamangitsa, ndiye taonani atithamangitsabe, ndipo mwendo wanu wapita.

"Ababa, ndikanakuuzani simukanalowamo."

Anayang'ana ngolo imene inkatidikira.

"Naphiri," anatero. Sankanditchula choncho kawirikawiri. "Ndikanalowamo. Ukanandiuza Lachiwiri, Lachitatu ndikanalowamo. Tikanapita kuti? Koma ndikanalowa ndikudziwa mdani wanga ali mbali iti. Ndikanazula chitseko chija ndekha, tsiku loyamba. Iwe sunandibisire ngozi, ngozi ndinkagona nayo kale. Unandibisira pomwe ndikanaika thabwa."

Anadzuka movutika, anandipatsa mkono, tinabwerera kungolo. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka lero.

Tinakakhala m'chisakasa cha mapepala kufupi ndi Arcturus, kenako ku Ruwa, kumene ndili mpaka pano. Ababa sanalowenso m'dzenje lililonse. Anaphunzira kusoka nsapato pansi pa mtengo, amayi ankagulitsa tomato, ine sukulu ndinalekezera panjira kuti ang'ono anga apitirize. Zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija ndi lakuti bodza ndi loipa, monga amatiphunzitsira ku Sande sukulu. Koma ine sindinaname kuti ndipulumuke ndekha. Ndinabisa chifukwa cha chikondi, ndipo chikondi chimenecho ndicho chinaphwanya mwendo wa bambo anga. Ndinawaona ngati munthu woti sangathe kusenza nkhani yoipa, ine mwana n'kuwasankhira zoti adziwe ndi zoti asadziwe. Amphawife timachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Mwamuna ntchito yatha, amadzukabe m'mawa ndi chikwama kuti mkazi asadandaule. Mayi akutsokomola magazi, amati ndi fumbi. Timati tikutetezana, chonsecho tikulandana nthawi yokonzekera. Zimandikwiyitsa ndikaziona kwa ena, chifukwa ndimadziwa kukoma kwake kwa kukhala chete.

Chaka chatha ndinamva kanthu kolimba m'bere lamanzere. Ndinapita kuchipatala ndekha, anandiyeza, anandiuza kuti ndibwerenso, ndipo nditabwerera dokotala anayamba ndi kundifunsa ngati ndili ndi ana. M'kombi, minibasi ya kuno, pobwerera ndinali nditakonza kale zonena. Mwana wanga wamkulu anali pafupi kulemba mayeso, bambo ake anali atangoyamba ntchito yatsopano, ababa ndi okalamba. Ndinati ndidikire mwezi umodzi wokha, mayeso adutse. Maganizowo anabwera okoma, anzeru, achifundo, ndipo ndinawazindikira. Anali ndi mawu a kamtsikana kaja.

Nditafika kunyumba sindinavule nsapato. Ndinazimitsa wailesi, ndinaitana onse, ndi ababa omwe, ndinawakhazika pansi. Ndinawauza dzina la matendawo, pamene afika, zimene adokotala akuti angathe ndi zimene sakulonjeza. Mwana wanga anayamba kulira ndisanafike pakati. Ndinamusiya alire, ndinamaliza.